Tisiyireni Kamlatho, a Mathero

A wapampando wa komiti yoyendetsa kampani yathu, a manijala athu a Levi, abusa amene mwatitsegulira ndi pemphero, mayi Esnat Tikhala pamodzi ndi alimi anzanu a mkaka amene mwapalasa njinga kuchokera ku Likoswe, mayi Mathero ndi nonse a kubanja, anzanga a muwekishopu, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse. Amene simundidziwa, ndine Eluby Nabanda. Tebulo langa logwirira ntchito lakhala logundizana ndi la bambo Stanford Mathero kuyambira tsitsi langa lili lakuda lokhalokha. Imvi mukuzionazi anandipatsa ndi iwowa.

Ndakhala pampandopo kumvetsera onse amene alankhula ine ndisanaimirire. Ndinafika potembenuka kuti ndione ngati pali munthu wina amene akupumanso ntchito lero. Akuti a Mathero ndi odzichepetsa. Akuti ndi omva za anzawo. A Levi mpaka anena kuti ndi munthu wosavuta kugwira naye ntchito, akunena zimenezo maso ali papepala. A Levi, ofesi yanu ili ndi chitseko, zikakukwanani mumatseka. Ine chitseko ndilibe. Tsono mafuta mwawapaka okwanira, mundilole ndinene za a Mathero amene ndikuwadziwa ineyo.

Ndiyambe ndathandiza a kubanja. Ndikudziwa kuti kumudzi mumauza anthu kuti ankolo amakonza mawailesi ku Boma. Musadzanenenso, angadzakomoke. Ntchito yathu ili motere. Alimi akakama mkaka amakauthira muthanki yoziziritsa, kudikira galimoto ya ogula. Magetsi akathima, mkaka umayamba kufunda, ndipo ukafunda wapita. Ife timapanga kabokosi kokhala pambali pa thankiyo, komamvera kuzizira kwa mkaka. Kakaona kuti zinthu zayamba kusokonekera, kamaliza belu n'kutumiza uthenga pafoni kuti wina athamange akalize jenereta. Kabokosiko kali ndi sola yakeyake ndi batire laling'ono, chifukwa ntchito yake imayambira pamene magetsi athera.

Mkati mwa kabokosimo muli mbali ziwiri zosamvana. Ubongo wake ndi kachipu kochepa ngati chikhadabo, kamene kamayendera magetsi ochepetsetsa, osafika ndi mavolti awiri omwe. Kamalankhula monong'ona. Mbali ya foni ndi ya belu ndi agonthi, wina amafuna faifi volti, wina thwelofu. Mukalumikiza mbali ziwirizi mwachindunji, mwina gonthi samva kanthu, mwina kachipu kapsa. Ndiye pakati pamafunika tizipangizo tingapo tokweza magetsi a uthengawo popita, n'kuwatsitsa pobwera. Mabuku ali ndi dzina lake lalitali, koma ife muno timangoti kamlatho. Kamlatho kameneka ndi kamene kadya moyo wa a Mathero, ndipo kadyako ndi wathu womwe.

Sanayambe ndi kukalemekeza kamlatho, iyayi. Ine ndinali ndisanabwere, koma a Taufiq ali apowo analipo, ndipo nkhaniyi amaikamba mofanana chaka chilichonse. A Mathero anafika kuno atamanga tayi, satifiketi ya ku Blantyre ili m'khwapa. Sabata yomweyo kunabwera alendo odzaona kabokosi koyambirira, koma kamlatho kake kanali kasanalumikizidwe. Malemu a Andrea, amene anali mkulu wa wekishopu nthawi imeneyo, anati alendo adikire. A Mathero anati palibe chodikira, magetsi ndi magetsi. Anatenga waya wa thwelofu volti n'kumugunditsa pa kachipu. Kunamveka kuti thu, utsi uli tolo, fungo la pulasitiki chipinda chonse. Akanakhala munthu wina, akanapepesa. A Mathero anakupiza utsiwo ndi dzanja, n'kuwauza alendo kuti chipangizo chatsopano chimatero poyamba, chikuzolowera nyengo ya ku Chiradzulu. Alendo anagwedeza mitu, wina mpaka anajambula chithunzi.

Kuchokera tsiku limenelo anatembenuka mtima. Vuto lake anatembenuka mopyola, mpaka lero sanaimebe.

Kamlatho kamene kali m'mabokosi onse amene tinapereka kumidzi n'kakale, ka maresisita, tizipangizo tochepetsa magetsi odutsa. Kamagwira ntchito, sindikukana. Koma ukaika resisita yaikulu kuti kasamadye batire, kamachita ulesi, uthenga umafika wopotoka, mbali ya foni n'kumva zina. Ukaika yaing'ono kuti kazithamanga, kamameza batire usana ndi usiku, kaya pali uthenga kaya palibe. Zaka zambiri tinkangosankha pakati pa waulesi ndi wadyera, ndipo tinasankha wadyera. M'chilimwe palibe amaona vuto, dzuwa limabwezera zonse. Koma chibwere chiperoni, phiri libisale, dzuwa lisowe sabata yathunthu, batire limauma ndipo kabokosi kamafa. Choipa chake n'chakuti kabokosi kakufa sikasiyana ndi kabokosi kokhutira kuti mkaka uli bwino. Konse kuwiri foni imangokhala zii.

Akuluakulu athu nawonso anayesa nzeru zawo, tisawamane ulemu. A Levi anati tingoikamo batire lalikulu. Tinaika. Koma batire lalikulu kumudzi limakhala ndi abale ambiri, mwezi usanathe linali likuliza nyimbo pa chinkhoswe. Kenako komiti inaitanitsa bokosi la kunja, lokongola, la timagetsi tabuluu tophethiraphethira. Tinaitanidwa tonse kudzaliona ngati kwabadwa mwana. Linaphethira masiku ochepa a chiperoni, n'kugona osadzukanso. Amene analiitanitsa sanafunsepo kuti timagetsi timeneto timadya chiyani.

Ndiye a Mathero anakhala pansi n'kupanga kamlatho katsopano. Apa ndinene zoona ngakhale zikundiwawa: n'kabwino. Sindinaonepo kabwino kotere. Matransisita ake, amene ali ngati zitseko za magetsi, anawalumikiza mopingasa, ina ikatseguka imatseka inzake, kotero kuti magetsi amayenda pa kamphindi kokhako kamene uthenga ukudutsa. Ukadutsa, kamatseka pakamwa, mita yoyezera imachita kusowa choti iwerenge. Liwiro lake ndiye musanene. Pa makina athu oonetsa mafunde a magetsi, mzere wa kakale umakwera mokwawa, wa katsopanoka umangoti njo. Si kaulesi, si kadyera. Nditakaona ndinati tiwotcherere tambiri tikapereke kwa alimi mvula isanayambe. Anandiyang'ana ngati ndawapempha impso. Anati sikanapse, kadakali kawisi.

Apa ndi pamene pakubwera mwambo wa padenga. A Mathero anakhazikitsa lamulo, limene palibe komiti inakhalirapo pansi, lakuti chilichonse chotuluka muwekishopu muno chiyambe chagona padenga nyengo yonse ya chiperoni, m'kabokosi kachitsulo, ndi kasola kake ndi kabatire kake. Chikafika mu Ogasiti chili moyo, chakhoza mayeso. Lamulolo palokha si loipa. Koma chiperoni chimabwera kamodzi pachaka, ndiye kulakwitsa kamodzi ndi chaka chathunthu. Ndipo mwana wa Fomu Folo akakhoza mayeso salembanso, pamene kamlatho ka a Mathero kamakhoza n'kubwerezabe kalasi.

M'boma lonse la Chiradzulu muli munthu mmodzi yekha amene amasangalala nkhungu ikatsika. Amayi akudandaula kuti zovala sizikuuma, makaka akuchita chuku, ana akutsokomola, a Mathero akulowa pageti akuimba mluzu. Amakwera padenga m'mawa uliwonse, malata akuterera, kukapereka moni kwa kamlatho kawo. Ogwira makwerero pansi, akunyowa, ndi a Taufiq. Za nyamakazi yawo afunseni pambali.

Chaka choyamba kanakhoza. A Mathero anati chiperoni chake chinali chamasewera, mayeso sawerengedwa. Chaka chotsatira kunabwera chenicheni, chija chinapha anapiye ambiri chija. Kanakhozanso. Koma ali padenga pomwepo anaganiza zosintha resisita imodzi kuti kazidya pang'ono kuposa apo, ndipo malinga ndi lamulo lawo chinthu chikasinthidwa ndi chatsopano, chibwerere padenga. Chaka china akhwangwala anasandutsa kasola kaja chimbudzi, theka lonse linakwiririka. Kamlatho osafa. Ine ndinati umboni woposa uwu sitidzaupezanso. Iwo anati mayeso aipitsidwa ndi mbalame, sayansi siyendera zitosi.

A kubanja ndikukuonani mukugwedeza mitu, ndiye kuti matendawa mumawadziwa. Ndinamva kuti mnyamata wina atafunsira mwana wa achemwali awo, a Mathero monga amalume anati palibe kuthamanga, aonedwe kaye khalidwe lake. Anaonedwa, n'kuonedwanso. Munthu uja anadzakwatira ali ndi dazi.

Tsopano akuti akufuna kamlatho kawonjezere liwiro. Liwiro limene akulimbana naloli, abale anga, ndi kachigawo ka sekondi kochepa moti kuphethira kwa diso ndi ulendo wautali. Ndipo uthengawo ukupita pafoni ya mayi Tikhala, imene imakhala yomangidwa pamfundo ya chitenje, iwo ali m'khola, manja onse awiri ali pa bere la ng'ombe. Mayi Tikhala, munayamba mwadandaulapo kuti uthenga wachedwa ndi kachigawo ka sekondi? Mwamva, akuti iyayi. Dandaulo lawo ndi lakuti uthengawo sufika n'komwe.

Musaseke kwambiri, chifukwa zimene ndinene tsopanozi sizoseketsa. Mu Juni yemweyu ku Likoswe magetsi anathima chiperoni chili pakati. Kabokosi kathu, ka kamlatho kakale kaja, kanali katafa kale ndi njala. Belu silinalire, foni sinalire. Pamene woyang'anira ankatsegula thanki m'mawa, mkaka wa midzi yonse yozungulira unali utasanduka chambiko. Galimoto inabwera, anayeza, n'kubwerera yopanda kanthu. Amayi amene anamweta nsenjere, anatungira ng'ombe madzi, anakama ndi zala zouma ndi chisanu, anasenzanso zigubu zawo kubwerera nazo, wina kukapatsa nkhumba, wina kukataya. Mayi Tikhala anafika kuno tsiku lomwelo, matope mpaka m'mawondo. Sanatukwane munthu. Anangofunsa ngati chinthu chatsopano chija chapsa tsopano. Kamlatho kanali pamwamba pa mitu yathu, kali moyo, kakulondera malata. A Mathero anawapatsa mpando, anawapatsa tiyi, n'kuwauza kuti apirire, chaka chamawa zikhala bwino.

Tsiku limenelo ndinapsa mtima, ndipo sunapolebe. Ndinachita manyazi ndi yunifolomu imene ndinavala. Komiti nayonso inamva nkhaniyi, inakhala pansi, inadya masamusa, n'kugwirizana kuti idzakhalenso pansi. Palibe ngakhale mmodzi amene anapempha makwerero kuti akaone chimene chili padengapo. Chodabwitsa n'chakuti mumkaka wotayidwawo munali ndi wa ng'ombe za mayi Nester Mathero ali apawa. Ndamva kuti mwezi wonse umenewo bambo ankalandira tiyi wopanda mkaka, ndipo sanayerekeze kufunsa chifukwa chake.

Tsono musaganize kuti ndaimirira pano ngati mdani. Zonse zimene manja angawa amadziwa anandiphunzitsa ndi bambo amenewa. Nditangofika ndinkawotcherera mawaya ngati ndikumata nkhokwe ndi dothi. Iwo ankamasula zonse n'kundibwezera patebulo. Ndinkakalirira kuseri kwa wekishopu, koma mpaka lero palibe chimene ndinalumikiza chinabwezedwapo. Anthu ankabwera ndi zipangizo zawo n'kunena kuti akufuna injiniya wamwamuna. A Mathero ankangonyamula kapu yawo n'kutuluka panja, kuwasiya ndi ine, mpaka anthu anazolowera. Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala, anagwira ntchito yanga pamodzi ndi yawo, osadandaula kwa aliyense, ndipo sanandikumbutsepo. Pa zimenezi, bambo Mathero, ndikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima, ine ndi ana anga.

Tsiku lina tili padenga awiri ndinawafunsa chimene amaopa kwenikweni. Anayang'ana kuphiri n'kunena kuti, "Eluby, chinthu chikalephera kumudzi, anthu sanena kuti transisita yalephera. Amati Mathero walephera." Ndinawamvera chisoni, sindikunama. Koma ndikutsika makwerero ndinaganiza kuti ndiye kuti chimene tikusunga padengapo, chouma bwino m'kabokosi kachitsulo, ndi dzina la munthu mmodzi, pamene mkaka wa anthu ukuthiridwa m'ngalande.

Pali chinthu chimodzi chimene onse olankhula anena ndipo ndikugwirizana nawo. Zaka zonsezi a Mathero sanatulukepo pageti ndi kawaya ka kampani m'thumba. Zinali zoona mpaka lero m'mawa.

Lero m'mawa a Taufiq anakwera padenga kukatsitsa kamlatho, poti kakhozanso chaka chino ndipo mwini wake akupita. Anapeza m'kabokosi mulibe kanthu. Ndipo palibe kena kofanana nako. Kasinthidwa kambirimbiri padenga pomwepo, moti amene akufuna kupanga tinzake ayenera kukhala nako m'manja n'kumaonera. Komiti inanena kale kuti a Mathero akachoka osasiya chinthu chogwirika, tebulo lopangira zatsopano litsekedwa, tizigula mabokosi a kunja. Ndiye chiyambireni mwambo uno ndakhala ndikuyang'ana jekete lawo. Kunja kukutentha, amuna onse avula majekete, iwo amanga mabatani mpaka m'khosi. Thumba lakumanzere latupa, ndipo dzanja silikuchokapo. Ngakhale popemphera paja, abusa mundikhululukire, ndinatsinzina diso limodzi lokha. Dzanja linali pomwepo.

A Mathero, ndikudziwa mukuti mukakamalizire kunyumba. Patebulo liti? Mayi andiuza kuti kunyumba kulibe tebulo la mawaya, kuli khola. Mukupita ku Likoswe, kwawo kwa mayi, kumene ndinu mkamwini ngakhale muli ndi imvi. Anthu amene mwawadikiritsa zaka zonsezi ndi alamu anu ndi apongozi anu. Ndipo mayi alengeza kale kuti kuyambira Lolemba wopalasa njinga ya zigubu kupita kuthanki ndinu. Chiperoni chikubwerachi mudzaima pamzere umodzi ndi amayi aja, ogula akuyeza mkaka. Ukadzapezeka wosasa, onse adzatembenuka kukuyang'anani inu. Mudzawauza kuti chiyani, kamlatho kali m'thumba?

Mwambo wake ndi woti ndimalize ndi kukupemphani kuti muombe m'manja. Manja anuwo asungeni kaye. Palibe aombe mpaka chimene chili m'thumbamo chifike patebulo pano. Mpunga uzizire, ine sindikhala pansi.

Anzanga akugulirani bulangete, bambo Mathero. Ine mphatso yanga ndi iyi, ndipo ndikuipereka pamaso pa alimi, pa komiti ndi pa abusa. Kamlatho kameneka kakakagwira ntchito, tidzauza aliyense kuti n'ka a Mathero. Kakakalephera, kakakapserera, kakakasasitsa mkaka wa munthu, amene wakatulutsa kasanapse ndi Eluby Nabanda. Mayi Tikhala, mwamva. Mudzabwere kwa ine, dzina lotchulidwa ku Likoswe lidzakhale langa. Lanu, bambo, lapuma ntchito lero pamodzi ndi inu.

Mayi Mathero, musawakoke mkono, asiyeni aganize okha. Tidikira, kudikira ndiye anatiphunzitsa.

Aimirira. Amene muli kumbuyo, akumasula mabatani. Atulutsa, akakulunga m'kampango ka m'manja ngati dzira. Iyayi a Levi, khalani pansi, si kanu, kabwere kuno. Mukuti chiyani, bambo? Ndibwereze kuti onse amve. Akuti, "Resisita yachitatu ija musaikhulupirire kwambiri." Ndamva, ndipo ndiikhulupirira choncho. Lolemba tiyamba kuwotcherera, bokosi loyamba lipita ku Likoswe mvula isanagwe.

Ndakalandira ndi manja awiri. Bambo Mathero, mwagwira ntchito, mwativutitsa, mwatiphunzitsa. Chinthu chabwino koposa zonse zimene munapanga mwachisiya m'manja mwa anthu ena chisanakukhutiritseni, ndipo ndikudziwa kuti zimenezi zakupwetekani kuposa kusiya ntchito kwenikweniko. Zikomo kwambiri. Pitani mukapume, Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi mawondo olimba opalasira njinga. Nyengo ikadzaipa mudzagone tulo, wosowa mtendere ndidzakhala ine. Amayi ndi abambo, manja aja atulutseni tsopano. Tiwaombere mwamphamvu, chifukwa cha zaka zonse zimene atumikira, komanso chifukwa thumba lija laphwa.